Chibonga cha Nyanga ya Chipembere

Chibonga chimene ndinkavina nacho ngoma sichinali cha mtengo. Chinali cha nyanga ya chipembere. Kutalika kwake kunali kuchokera pachigongono kukafika kunsonga ya chala, n'kupitirirako pang'ono. Mutu wake unali ngati chibakera cha mwana. Mtundu wake unali wa uchi wokhalitsa, ndipo ukachikweza padzuwa kuwala kunkalowa pang'ono m'mphepete mwake. Chinkalemera kuposa mmene chinkaonekera.

Amene anachisema sindimudziwa. Agogo awo a bambo anga anabwera nacho kuchokera kummwera, nthawi imene anthu athu ankayenda ndi ng'ombe zawo kufuna dziko. Iwo anasiyira agogo, agogo anasiyira bambo, bambo anasiyira ine. Kwathu chida chimatsata mwana wamwamuna. Palibe amene anafunsapo chifukwa chake.

Ndimakhala kumapiri a ku Biriwiri, pafupi ndi malire. Ndimalima chimanga, mbatata ya kachewere ndi kabichi. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, ndipo imeneyo inandikwanira. Ng'ombe tinali nazo. Zina zinabedwa n'kuwolotsedwa malire, zina zinafa, zotsalazo tinagulitsa pamene dambo lodyetsera linasanduka madimba. Phiri la kuseri kwa nyumba yanga linali la misuku ndi mombo, ndipo ndili mnyamata munkapezeka agwape ndi nguluwe. Lero muli zitsa ndi maenje ootcheramo makala. Nyama yaikulu imene yatsalamo ndi mbewa. Pa zinthu zonse za makolo, chimene chinatsala m'manja mwanga chinali chibongacho.

Ndinkachikulunga m'chikopa cha mbuzi n'kuchiika pamwamba pa chipupa kuchipinda. Chaka chilichonse tikakolola ndinkachipaka mafuta a ng'ombe kuti chisang'ambike. Ng'ombe zitatha, mafutawo ndinkagula kubutchala. Akazi anga ankati chibongacho chimadzola bwino kuposa ana.

Chipembere chenichenicho ndinali ndisanachionepo. Bambo anganso anamwalira asanachione. Ndinkangochidziwa pachithunzi cha m'buku la sukulu.

Mwana wamwamuna ndili naye mmodzi. Ali ku Joni. Amatumiza zithunzi. Mzime wanga ndi wamkazi, ndipo atamaliza folomu folo anakalembedwa ntchito yolonda nyama kupaki ya kutsidya kwa Shire. Anthu a ntchito imeneyi kwathu timawatchula agemu. Tsiku limene anabwera kudzatsanzika ndinamufunsa.

"Ntchito yakeyo ndi yotani?"

"Timatsata zipembere, ababa. Timaona ngati zili bwino, timachotsa misampha, timagwira opha nyama."

"Ndiye kuti ndiwe mbusa."

"Tingatero."

"Zimakamidwa?"

"Ayi."

"Zimakoka ngolo?"

"Ayi."

"Munthu angalowole nazo mkazi?"

"Ayi, ababa."

"Chabwino. Pita ukawete."

Amayi ake anandiuza kuti pakamwa panga panamera minga. Mwanayo anaimirira. Ananyamula chikwama chake n'kumapita. Akabwera kutchuthi, nkhani ya chibonga sitinkaikamba. Iye ankadziwa chimene chinali pamwamba pa chipupa, inenso ndinkadziwa kuti akudziwa. Tinkakamba za feteleza.

Chilimwe china kunamwalira mkulu wanga, mwana wa bambo aakulu. Anali munthu wa ngoma, ndipo munthu wa ngoma amaperekezedwa ndi ngoma. Ampingo anaimba zawo, analalikira, ife tinadikira ndi zishango zathu pansi pa mtengo. Atamaliza tinalowa.

Pangoma pali nthawi imene mwamuna amatuluka pamzere yekha, n'kudumpha, n'kumenya chishango, n'kutchula makolo ake ndi zimene anachita. Timati kugiya. Pamenepo sunong'ona. Wogiya motsitsa mawu amayi amamuseka mpaka kumjigo. Ine ndinatuluka, ndinakweza chibonga, ndinanena mmene bambo anga ankanenera: ichi si mtengo, ichi ndi nyanga ya chipembere, chinawoloka Zambezi m'dzanja la mwamuna, sichinagwepo pansi. Amayi anaimba nthungululu.

Mawu amenewa ndinali nditawanena pamaliro ambiri, kuyambira ndili ndi tsitsi lakuda. Mudzi wonse unkawadziwa pamtima, ndipo palibe chimene chinachitikapo. Chimene chinasintha n'chakuti masiku ano aliyense ali ndi foni. Achinyamata anandizungulira, mikono ili m'mwamba ngati akupempha mvula. Ine ndinati ndi ulemu. Ndinabwereza mawuwo kuti akumbuyo amve.

Woyamba kuimba foni anali mwana wanga wa ku Joni uja.

"Ababa, mwatchuka! Kuno aliyense akukuonerani."

"Anditumizire moni."

"Koma mukudziwa chimene mwasungacho? Chimenechotu kuno ndi nyumba ndi galimoto."

"N'chako ndikafa."

"Nanga bwanji osandipatsiratu?"

"Sindinafe."

Foniyo inaduka. Akuti mayunitsi anatha.

Wachiwiri anabwera yekha, pa njinga yamoto. Anati amagula mbatata. Ogula mbatata ndimawadziwa. Amapisa dzanja pansi pa thumba kufuna zing'onozing'ono, amati chaka chino mbatata yachuluka ku Tsangano, amanamizira kuchoka kawiri. Ameneyu anavala nsapato zosongoka, mbatata sanaiyang'ane, ndipo mtengo umene ndinatchula anauvomera pomwepo. Wogula mbatata wosanenerera si wogula mbatata.

"Madala, ndinakuonani pafoni," anatero. "Mumadumpha ngati mnyamata."

"Ndimadumpha ngati nkhalamba yodziwa kudumpha."

Anaseka kwambiri kuposa mmene nkhaniyo inkasekeretsera.

"Kandodo kaja, madala, tingakaoneko? Kungoona basi. Ine ndimakonda zachikhalidwe."

"Kamatuluka pamaliro. Mukufuna pachitike maliro?"

"Aaa, madala! Maliro sasowa," anatero uku akuseka. Anatchula zimene angandichitire: kufolera nyumba malata atsopano, kundigulira ng'ombe ziwiri zapangolo. Ndinamuuza kuti msewu uli pomwe anausiya. Anapita opanda mbatata.

Lamulungu lotsatira, pochokera kutchalitchi, tinapeza chitseko chili pambali. Matiresi anali atang'ambidwa, matumba a chimanga atabooledwa, sutikesi ya akazi anga itakhuthulidwa. Wailesi anaisiya. Njinga anaisiya. Ndinapisa dzanja pamwamba pa chipupa, ndinapeza fumbi. Ndinakhala pansi.

Akazi anga analowa kukhitchini, anatuluka atanyamula chibonga chija chopanda chikopa chake, n'kuchiika pamiyendo panga.

"Chinali kuti?"

"M'dengu la mithiko."

"Mwachigwira ndi manja anu?"

"Ayi, ndinachigwira ndi mano. Abambo inu, munthu wa nsapato zosongoka uja atachoka mumati ine ndigone tulo? Ndinachichotsa tsiku lomwelo. Mbava yamwamuna siyang'ana m'dengu la mithiko."

Mkazi sagwira chibonga. Ndinawakumbutsa zimenezo. Iwo anandikumbutsa kuti amene anagula matiresi ong'ambidwawo ndi iwo. Chibonga chimene chinawoloka Zambezi chinapulumuka chifukwa chinagona ndi mithiko. Zimenezi pogiya sindinazitchulepo.

Sabata yomweyo mzime uja anafika, asanatumize mawu. Anabwera atavala yunifolomu, chinthu chimene anali asanachitepo pakhomo panga: buluku wobiriwira ndi majombo. Anandipeza pakhonde ndikusoka matumba. Anagwada ndi buluku wakeyo mmene amagwadira ndi chitenje.

"Ababa, vidiyo ija yafika kuntchito."

"Ndavina bwanji?"

"Mwavina bwino. Abwana anandiitana. Anandifunsa ngati muli bambo anga."

"Unati chiyani?"

"Ndinati ndinu bambo anga."

Anandifotokozera mosazungulira. Lamulo likuti wopezeka ndi nyanga ya chipembere popanda chilolezo amakakhala kundende zaka zambiri. Abwana ake anamvetsa kuti chinthucho n'cha makolo, ndipo anati ndikachipereka mwa kufuna kwanga sipakhala mlandu. Ndikakana abwera ndi apolisi. Iyenso ntchito imuthera, chifukwa sangalonde zipembere munthu amene kwawo kukubisidwa nyanga.

"Chipembere chimenechi chinafa boma lisanabadwe," ndinatero.

"Ogulawo safunsa zaka, ababa. Amachipera, chimasanduka ufa, amakagulitsa kutsidya kwa nyanja. Ufa ukatha amafuna wina, ndiye amabwera kwa zamoyo zija."

"Ufa wa chiyani?"

"Akuti mankhwala."

"Ochiza chiyani?"

"Akuti chilichonse."

"Amachiza?"

"Nyangayo ndi chimodzimodzi chikhadabo chanu."

"Ndiye bwanji osadya zikhadabo zawo?"

Sanaseke. Anayang'ana chitseko chimene ndinali nditachikhomanso ndi misomali yokhota.

"Amenewa abweranso. Ulendo uno sadikira kuti mupite kutchalitchi. Galimoto ya kuntchito ikhoza kubwera mawa kudzachitenga."

"Galimoto isabwere."

"Ababa..."

"Ndati isabwere."

Apa ndiyenera kufotokoza, chifukwa ena amati ndinali wouma mutu. Chida chimene anthu abwera kudzachitenga pabwalo pako, ana akuonerera, walandidwa. Kaya abwera ndi mikondo, kaya abwera ndi mapepala, n'chimodzimodzi. Bambo anga amakumbukidwa kuti ndi amene anapha nyalugwe pakhola. Agogo amakumbukidwa ndi ng'ombe zawo. Ine ndikanakumbukidwa kuti ndi amene analandidwa. Pangoma yotsatira ndikanatuluka pamzere n'kukanena chiyani?

Mwanayo anakhalabe chogwada. Ine ndinapitiriza kusoka thumba. Akazi anga anatiyang'ana tonse awiri ali pakhomo la khitchini.

"Mitu iwiriyi inasemedwa pamwala umodzi," anatero. "Wina afera kundende, wina abwerera kudzalima kabichi, ine ndiye wopereka ndiwo kwa onse. Iwe dzuka apo, maondo si a boma."

Ndinatenga khasu n'kupita kudimba. Ndinakwezera mbatata mizere ingapo imene sinkafunika kukwezera. Za ndende sindinaziope kwambiri. Ndakalamba, sakanandisunga nthawi yaitali. Chimene chinandivuta chinali mwana uja. Pa ana anga onse ndi iye yekha amene amadzuka kusanache kukatsata nyama m'tchire, kuwerenga mapazi, kudziwa imene ikutsimphina. Ndi mmene ife tinakulira ndi ng'ombe. Zoti nyama zakezo sizikamidwa si mlandu wake.

Nditabwerako ndinamuitana.

"Uwauze abwana ako kuti chibonga ndibweretsa ndekha, ndi manja anga. Ndipo ndisanachitule ndikufuna kuonana ndi mwini wake."

"Mwini wake ndi boma, ababa."

"Boma lili ndi nyanga pamphuno?"

Kwathu ukabweza chinthu sutumiza mwana, ndipo susiya pakhomo. Umaonana ndi mwini wake, umanena mawu, pamakhala mboni. Mwanayo anakwera pachulu pamene foni imagwira bwino. Ndinamva akufotokoza. Atatsika anati abwana aseka, koma avomera. Galimoto idikira pa Manjawira, kutali ndi maso a mudzi.

Tinanyamuka mmawa pa minibasi. Ndinavala jekete la kutchalitchi. Chibonga ndinachikulunga m'chikopa chake, n'kuchiika m'thumba pamodzi ndi makabichi awiri, chifukwa munthu sapita kwa eni ake chimanjamanja. Kondakitala anafuna kuika thumbalo pansi pa mpando.

"Agogo, katundu kumapazi!"

"Uyu si katundu."

"Nanga ndi pasenjala? Alipiretu."

Anaona yunifolomu ya mwana wanga n'kusiya nkhaniyo. Ndinalinyamula pamiyendo ulendo wonse. Pa Nsipe amayi ogulitsa anatilowetsera tomato ndi anyezi pawindo mpaka pamphuno. Mayi wina anafinya thumba langa n'kunena kuti kabichi wa ku Biriwiri chaka chino ali ndi fupa. Pa Manjawira tinapeza galimoto yobiriwira itaima pamthunzi. Ndinakwera kutsogolo.

Kumusi kunali kotentha. Titawoloka Shire n'kuyandikira paki, ndinaona chinthu chimene sindinachiyembekezere. Minda inafika mpaka pampanda weniweni. Mbali ino dziko lometedwa mpala, mapesi, mbuzi zowonda, anyamata akukankha njinga za makala. Mbali iyo mitengo ili njo, udzu wofika m'chiuno. Pakati pake waya wamagetsi basi. Kukanakhala kopanda wayayo, mbali iyo ikanafanana ndi phiri la kwathu. Mwana wanga anati anthu a m'midzi imeneyo amalowa kukatchera agwape ndi waya, koma waya sasankha mwendo. Anachotsapo wina pamwendo wa chipembere, atalowa mpaka pafupa. Anthuwo sindinawaweruze. Zitsa za kuphiri la kwathu sizinadzidule zokha.

Abwana ake anali munthu wamng'ono kuposa mwana wanga wa ku Joni. Anandipatsa moni ndi manja awiri, anandipatsa mpando, analandira makabichi. Kenako anayang'ana thumba.

"Bambo, tingachilandire pompano kuti chikhale pabwino?"

"Chakhala pabwino chiyambire makolo. Usiku umodzi sichiwola."

Ndinagona nacho kumutu.

Kutacha tinalowa m'tchire anthu anayi: mwana wanga kutsogolo ndi mfuti, mnzake wantchito, abwana, ndi ine. Tisanayambe, mwanayo anatembenuka.

"Ababa, kuno muziyenda pambuyo panga. Musalankhule. Musatsokomole. Chipembere sichiona patali, koma chimamva ndipo chimanunkhiza. Ndikati kwerani, mukwere mtengo umene uli pafupi."

"Pamsinkhu wanga uno?"

"Mudzakwera, ababa. Aliyense amakwera."

Chibadwire ndinali ndisanayendepo pambuyo pa mkazi. Ndinayenda. Tchire lake linali la mitsanya, pansi pouma, masamba olira ukaponda. Mwanayo anali ndi kansalu komangamo phulusa. Akayenda pang'ono ankakagwedeza, n'kuona kumene phulusa likupita, n'kusintha njira kuti mphepo izichokera kutsogolo. Anandionetsa phazi la zala zitatu, lalikulu ngati mbale. Tinapeza mulu wa ndowe. Anaiswa ndi dzanja, anaika chikhatho kuti amve kutentha, anandionetsa timitengo tili mkatimo todulidwa mopendeketsa ngati ndi mpeni. Ndinagwedeza mutu. Ndowe ndimaidziwa. Imeneyo inali ya mmawa womwewo, ndipo mwini wake ankadya bwino.

Titapuma pamthunzi abwana anandinong'oneza kuti zipembere zinali zitatheratu m'dziko muno, ndipo zimene zilipozi anachita kukazitenga kummwera.

"Kwathu komwe," ndinatero.

"Eya, bambo. Zinabwera pandege."

"Ife tinayenda wapansi."

Mwana wanga anatembenuka n'kuika chala pakamwa. Anatontholetsa ine ndi abwana ake omwe.

Dzuwa litakwera ndithu, anaima mwadzidzidzi n'kukweza dzanja. Analoza m'zitsamba. Ine ndinaona chulu. Ndinayang'anitsitsa, ndinaonabe chulu. Kenako chulucho chinagwedeza khutu.

Chinali chachimuna, chili chokha, thupi lonse matope ouma. Pamsana pake panali timbalame tija todya nkhupakupa, tomwe tinkatera pa ng'ombe zathu. Khutu limodzi linali lodulidwa chizindikiro, monga ifenso tinkadulira ng'ombe. Chinkathyola nthambi ndi mlomo wake wosongoka n'kumatafuna mosafulumira, ngati munthu wopanda ngongole ndi wina aliyense. Maso ake anali aang'ono ngati a nkhumba. Nyanga yake ndinaiyeza ndi diso. Inali yaifupi kuposa chibonga changa. Ndinakhutira.

Ndinamasula thumba, ndinatulutsa chibonga m'chikopa. Mwanayo anandiyang'ana ndi maso amene anatengera kwa amayi ake. Ndinamuonetsa ndi dzanja kuti ndikudziwa. Koma chinthu sichibwezedwa mwakachetechete ngati chakuba. Mawu ayenera kunenedwa.

Choncho ndinagiya monong'ona. Sindinadumphe. Ndinangokweza chidendene n'kuchitsitsa pang'onopang'ono pakati pa masamba. Ndinatchula bambo, ndinatchula agogo, ndinatchula amene anawoloka Zambezi. Kenako ndinauza mwini wakeyo kuti nayi nyanga ya mbale wanu. Amene anamupha sitimudziwa. Taisunga bwino. Chaka chilichonse imadzola mafuta. Ilibe mng'alu. Amayi a kwathu akanandimva mmene mawu ankatulukira, akanandiseka mpaka Khirisimasi.

Kaya mphepo inatembenuka, kaya chinamva chidendene changa, sindikudziwa. Chinasiya kutafuna. Chinakweza mutu, makutu onse awiri analoza kwa ife, n'kufwenthera mwamphamvu ngati matayala akuphwa. Timbalame tija tinauluka. Abwana anagwira mtengo. Inenso ndinali nditasankha wanga, ndipo ndinaona kuti mwana uja ananena zoona. Nthambi yoyamba sinali patali mmene ndinkaganizira. Mwana wanga yekha ndi amene sanasunthe. Anaima pakati pa ine ndi nyamayo, mfuti italoza pansi.

Chinatiyang'ana nthawi yaitali osationa. Kenako chinatembenuka, chinakodzera chitsamba chammbuyo, chinaimika mchira n'kuthamangira m'mitsanya. Nthaka inanjenjemera pang'ono.

"Chavomera, bambo," anatero abwana, akupukuta thukuta.

"Chakodza," ndinatero.

Tinatuluka pamalo oyera. Abwana anatambasula manja awiri kuti alandire. Ndinawadutsa.

"Iwe, bwera kuno."

Mwanayo anabwera. Anayang'ana chibonga, anayang'ana ine. Anakoleka mfuti kumsana n'kugwada pafumbi. Ndinauza mnzake wantchito uja kuti atulutse foni ajambule, ndipo akatumize konse kumene inapita yoyamba ija, kuti a nsapato zosongoka adziwe kuti kwathu kwatsala mithiko yokha.

Ndinaika chibonga m'manja mwa mwana wanga, ndinanena mawu amene bambo anga anandiuza tsiku limene anandipatsa: ichi n'chako. Usachigwetse pansi. Usamenyere galu. Usachigulitse.

"Ababa, ndine mkazi," anatero motsitsa.

"Ndikudziwa. Ndinalipo utabadwa."

Anachigwira ndi manja awiri. Anachitembenuza, anachikweza padzuwa, anaona kuwala kuja m'mphepete. Kuyambira ali mwana ankangochionera patali. Sanafulumire, ndipo abwana sanamufulumize. Sanachigwetse. Kenako anaimirira, anachikulunga m'chikopa, n'kuchipereka kwa abwana ake. Akuti chimakhala m'chipinda cha chitseko chachitsulo. Sindinafunse zambiri. Chimene munthu wachita ndi chinthu chake ndi nkhani yake.

Wa ku Joni anaimba tsiku lomwe vidiyo yachiwiri inafika kumeneko. Mayunitsi anali nawo okwanira.

"Ababa, mwapereka cholowa changa kwa mkazi?"

"Ndapereka kwa amene amaweta."

"Nanga ine nditsala ndi chiyani?"

"Munda ulipo. Khasu lilipo. Ukabwera uzipeza."

Sanabwere. Wa nsapato zosongoka nayenso sanabwerenso. Akazi anga anati ndalama ya mafuta a ng'ombe tsopano igule matiresi.

M'mudzi anthu analankhula. Ena anati ndalandidwa ndi boma mochenjera. Ena anati ndaswa mwambo. Nkhalamba inzanga ina, imene chibonga chake inagula pamsewu ngati alendo odzaona malo, inandifunsa ku bawo ngati mwana wanga wamkazi adzavalanso nthenga kumutu. Ndinaiuza kuti mwana wanga amaima patsogolo pa chipembere osakwera mtengo, ndipo ngati ikufuna kuyesa ndikhoza kuilipirira minibasi. Inati ndi nthawi yanga yosewera.

Ndinapita kwa mmisiri, anandisemera chibonga cha phingo. N'chakuda, n'chosalala, chilibe vuto lililonse. N'chopepuka. Masiku oyamba dzanja linkakwera msanga kuposa mmene ndinkafunira.

Mvula isanagwe kunachitikanso maliro a munthu wa ngoma, kumudzi wa kuseri kwa phiri. Ampingo anaimba zawo, ife tinadikira. Nthawi yogiya itakwana anthu anandiyang'ana, ena ndi chisoni, ena akufuna kuona chimene ndichite. Ndinatuluka pamzere. Ndinadumpha, ndinamenya chishango, ndinatchula bambo, agogo, ndi amene anawoloka Zambezi. Kenako ndinakweza chibonga.

"Ichi ndi mtengo! Cha nyanga ndinachinyamula ndekha, ndinaonana ndi mwini wake maso ndi maso, ndinachipereka kwa mwana wanga wamkazi, mbusa wa zipembere kutsidya kwa Shire. Sichinagwepo pansi!"

Amayi anayang'anana. Nthungululu inachedwa. Woyamba kuimba anali akazi anga, ndipo enawo anatsatira. Mafoni analiponso, mikono m'mwamba. Ndinabwereza mawuwo kuti akumbuyo amve.